Mutu 6: Dontho Limodzi la Sopo

1. Botolo lalekana

Lachinayi m'mawa Kotone adangoti kudzuka, n'kuthamangira pawindo pamene adaika botolo lake dzulo lake. Adaima chilili. Dzulolo botolo lidali loyera mbee ngati mkaka, kuyambira pansi mpaka kukamwa. Tsopano mafuta adali atayandama pamwamba, achikasu, ndipo pansi padatsala madzi otuwa.

Kotone adali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu n'chimodzi, wa kugombe la kumadzulo kwa chilumba cha Amakusa. Kwa miyezi iwiri adakhala akuyesa kupanga mafuta odzola m'manja ndi zinthu zitatu zokha: mafuta a njere za mtengo wa tsubaki, madzi owiritsa, ndi dongo loyera limene amalume ake ankaumbira makapu. Kanayi konse zidatheka. Koma lero, kutatsala tsiku limodzi kuti akapereke botolo kusukulu, zidakanika.

Lamulo la a Mizoguchi, aphunzitsi a sayansi, lidali lomveka. Wofuna kukaimira sukulu kumpikisano wa ku Kumamoto apereke ntchito yake Lachisanu. Botolo la Kotone akalidinda pachitsekero, likhale masiku asanu ndi awiri osalekana. Malo adalipo amodzi okha, ndipo ntchito ya wosankhidwayo inkakayesedwa ndi akatswiri a kumzindako. Iwo okha ndiwo akadanena ngati mafutawo ndi oyenera kudzola pakhungu la munthu.

Khungu limene Kotone ankaliganizira lidali la amayi ake, a Setsuko, amene ankatumbula ndi kuyanika nsomba kudoko. Nyengo yozizira ikafika, manja awo ankachita ming'alu yotuluka magazi. Mafuta a m'sitolo ankawatupitsa zala. Adokotala adati khungu lawo limadana ndi mankhwala onga sopo amene amaikamo kuti mafuta ndi madzi zigwirizane.

"Alekana eti?" adafunsa amayi ataima pakhomo la chipinda.

"Alekana, amayi. Sindikudziwa pamene ndalakwitsa."

"Botolo silimva njala. Bwera udye."

Adapemphera, nadya mpunga ndi nsomba. Atatha, amayi adatembenuka, ndipo Kotone adawamangira zingwe za epuloni kumsana monga ankachitira tsiku lililonse la nyengo yozizira, poti zala zawo sizinkatha kumanga mfundo. Ali m'basi adapeza mbatata yootcha m'thumba la jekete, yokulunga m'pepala, ikadali yotentha.

2. Nzeru ya Wakana

Nthawi ya chakudya cha masana Kotone adakalowa m'chipinda cha sayansi ndi dongo limene lidatsalako. Adayeza mafuta, nayeza madzi, natakasa mpaka mkono kuwawa. Sipadatenge nthawi, kamzere kachikasu kadayamba kuoneka pamwamba.

"Ndiye ukhala ukuliyang'ana mpaka likuchitire manyazi?"

Adali Wakana, mnzake wa kuyambira ku pulayimale, mtsikana wa pakamwa posatseka. Adakhala pa tebulo miyendo ili lendee, akusenda nachesi. Theka lake adaliika m'dzanja la Kotone.

"Usandiseke, Wakana. Mawa ndikapereka chiyani?"

"Ine ndi sayansi tinasudzulana kalekale, ana anatenga ndi iyeyo. Koma kutsuka mbale ndimadziwa. Bweretsa kuno."

Wakana adapita pasinki, natenga sopo wamadzi wotsukira ziwiya, nadonthetsamo dontho limodzi. Adatseka, nakhutchumula akuvina. Botolo lidayera mbee. Adaliika pa tebulo, onse awiri n'kuliyang'ana. Silidalekane.

"Waona? Miyezi iwiri iwe, kamphindi kamodzi ine. Undiitanire atolankhani."

"Papepala ndalemba kuti mulibe sopo."

"Mulibedi sopo. Muli kadontho. Kadontho n'chiyani m'botolo lonseli?"

"Ndi bodza, Wakana."

"Bodza lake liti? Kanayi konse zinatheka, ndinaona ndi maso angawa. Lero dongo lako langodzukira kumanzere. Upereke ili, akusankhe, ukafika ku Kumamoto udzapanga lenileni. Kapena ufuna apite Ritsuko ndi ndere zake zonunkhazo? Manja a amayi ako adikira chaka china?"

Ritsuko adali mtsikana wa chaka chomaliza, amenenso ankafuna malo omwewo ndi ntchito yake ya ndere za m'nyanja.

Belu litalira, Kotone adaika mabotolo onse awiri m'chikwama, lolekana la kunyumba lija kumanzere, loyera kumanja.

3. Kumathamanda a dongo

Ataweruka sadapite kunyumba. Adatsika basi pamtunda, pamene amalume ake, a Tokuji, ankaumbira makapu ndi mbale. Kunkawaza kamvula kozizira.

Adawapeza kuseri kwa nyumba, pamathamanda atatu otsukira dongo. Mwala woyera wosinja ankautakasa m'madzi. Mchenga unkatsala m'thamanda loyamba, nsenga zokulirapo m'lachiwiri, ndipo dongo losalala zedi linkakadikha m'lachitatu.

"Wabwera ndi nkhope ya maliro. Wafa ndani?" adatero amalume akupukuta manja.

Kotone adawapatsa botolo lolekana lija. Amalume adamulowetsa m'nyumba, natenga nsapato zake zonyowa n'kuziika pafupi ndi uvuni. Kenaka adatsekula botolo, naviika chala, natikita ndi chala chinzake. Adalawako pang'ono ndi nsonga ya lilime, nalavula.

"Dongo ili walitenga kuti?"

"Lija munandipatsa linatha. Lachitatu ndinabwera, munali mutapita kukapereka makapu. Ndiye ndinatunga mumgolo uwo."

Adaloza mgolo wa phala la dongo lothira m'zikombole.

"Chifukwa chiyani mgolo umenewo?"

"Ndi losalala kuposa lonse. Munandiuza nokha ndili mwana kuti phala labwino ndi loyenda ngati mkaka."

Amalume adaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wa woumba walakwa mwa uwoumba! Mlendo akanatola dongo lililonse, koma iwe wasankha labwino, n'kugwa nalo. Safunsa anadya phula, mphwanga. Tamvera. Phala la mumgolomo timalimwetsa mankhwala amene timawatcha galasi lamadzi. Ntchito yake n'kudanitsa tinthu ta dongo. Kalikonse kamakana kanzake, kamangoterereka m'madzi, n'chifukwa chake phala limayenda bwino n'kufika ngodya zonse za chikombole. Pa kapu, n'chimene timafuna. Nanga iwe umafuna dongo lichite chiyani m'botolomu?"

"Likakhale pakati pa mafuta ndi madzi. Lizungulire kadontho kalikonse ka mafuta, kuti timadontho tisakhudzane n'kuphatikana."

"Monga timakulungira kapu iliyonse ndi mapesi a mpunga kuti zisagundane m'bokosi."

"Eya, amalume."

"Ndiye iwe watuma dongo losafuna kukhala pansi kuti likagwire ntchito ya ulonda. Lakana. Ndipo wachita mwayi kuti lakana, chifukwa mankhwala amenewo akalowa pamng'alu wa dzanja, munthu amavina popanda ng'oma."

Nkhope ya Kotone idawala. "Ndiye nditunge la m'thamanda lachitatu pompano! Usiku usanagwe ndikhala nditapanga."

Amalume adaloza pawindo. Madzi a m'thamanda lachitatu adali oyera ngati madzi otsukira mpunga.

"Tatakasa lero m'mawa. Limenelo kudikha kwake ndi Lamlungu."

"Palibe lina louma?"

"Lonse ndinathira mumgolo."

Kotone adakhala pabenchi. Kenaka adapisa dzanja kumanja kwa chikwama, natulutsa botolo loyera lija, naliika pa tebulo. Amalume adalinyamula, nalikhutchumula kamodzi. Pamwamba padabwera kathovu.

"Dongo silichita thovu," adatero motsitsa mawu.

"Dontho limodzi lokha, amalume."

4. Chenjezo la amalume

A Tokuji adathira tiyi m'makapu awiri, nampatsa Kotone yokhala ndi tiyi wambiri. Adakhala pansi moyang'anana naye.

"Ndikuuze chinthu chimene amayi ako sadziwa. Ndili ndi zaka makumi awiri, bambo athu anandipatsa ntchito yopaka makapu utoto wonyezimira asanalowe mu uvuni kachiwiri. Tsiku lina ndinapeza kapu ili ndi kamng'alu kochepa ngati tsitsi, pafupi ndi chogwirira. Ndinali nditaswa kale makapu atatu sabata imeneyo, ndipo ndinkaopa pakamwa pa bambo. Ndinaiviika mu utoto kawiri. Kamng'alu kanabisika. Itapsa inatuluka yokongola kuposa zinzake. Bambo anaiyang'ana, anaiyamikira, anaiika m'bokosi. Inapita pa sitima.

"Palibe anandigwira, Kotone. Palibe kalata inabwera. Koma ine ndimadziwa chimene kapu yotere imachita. Imapirira mwezi, mwina chaka. Tsiku lina munthu amathiramo tiyi wowira, chogwirira n'kutsala m'dzanja, tiyi n'kukhuthukira pamwendo. Mwina anali nkhalamba. Mwina anali mayi woyamwitsa, mwana ali pamiyendo. Zaka makumi anayi zapita, ndaulula kwa ansembe, ndikhulupirira kuti Mulungu anandikhululukira. Koma mpaka lero sindidziwa dzanja limene linapsa ndi kapu imeneyo, ndipo sindingakalipepese.

"Iwe ukuganiza kuti botolo ili ndi la maso a aphunzitsi. Ayi. Maso amanamizika, ndi a bambo athu omwe ananamizika. Koma chimene ukupangacho si cha maso, n'cha khungu, ndipo khungu silinamizika. Uzidzati ndidzakonza mawa ndikafika kumzinda. Aliyense wobisa mng'alu amatero. Koma akakuombera m'manja chifukwa cha botolo la sopo, udzatsekula bwanji pakamwa kuti linali la sopo? Bodza loyamba limabwera ndi njala, limafuna lachiwiri kuti lidye. Ndipo akatswiri akadzayesa botolo ili, adzakhala akuyesa chinthu chimene si chako. Akadzati n'chabwino, sudzadziwa ngati ayamikira dongo kapena sopo. Udzapita bwanji nacho kudoko, kwa amayi ako ndi anzawo, iwe mwini usakudziwa?

"Kulephera si tchimo, mphwanga. Uvuni uwu wandilepheretsa kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse wandiphunzitsa kanthu. Kubisa ndiye sikunandiphunzitsepo kanthu, kunangondichotsera mtendere."

Kotone adali atawerama. Amalume adakankhira mabotolo onse awiri kwa iye.

"Sindikulanda. Mabotolo ndi ako, dzina papepala ndi lako. Vala nsapato, zauma. Basi yatsala pang'ono."

5. Lachisanu

M'mawa mwake, popita kokwerera basi, Kotone adapatukira m'tchalitchi cha pafupi ndi doko. Mudali mayi mmodzi yekha akusintha madzi a maluwa. Kotone adagwada kumbuyo, chikwama chili pachifuwa. Sadatalikitse pemphero.

"Ambuye, ndikufunitsitsa kupita. Inu mukudziwa chifukwa chake. Gwirani dzanja langa lisalakwe thumba."

Potuluka adapeza basi itaima kale, dalaivala akudikira ngati kuti akukonza galasi lake.

M'chipinda cha sayansi, Ritsuko adapereka ntchito yake ya ndere za m'nyanja, a Mizoguchi nadinda. Wakana adali pakhomo akunong'oneza mokweza. "Lakumanja! Iwe, lakumanja!"

Kotone adawerama pamaso pa aphunzitsi, natulutsa la kumanzere. Mafuta adali pamwamba, madzi pansi. Ana ena adaseka.

A Mizoguchi adali munthu wosakonda mawu ambiri. Adatsitsa magalasi awo. "Ichi ndiye wabweretsa?"

"Inde, aphunzitsi. Lalekana. Ndinatunga dongo lothira kale mankhwala a zikombole, ndisakudziwa. Dongo loyenera lidikha Lamlungu."

"Ndamva kugundana m'chikwamamo. Muli linanso?"

Kotone adatulutsa loyera lija. "Ili lili ndi dontho la sopo. Ndabwera nalo kuti mulione, osati kuti mulidinde."

"Anathiramo ndani?"

"Linali m'chikwama changa, aphunzitsi. Ndinagona nalo usiku wonse ndikuganiza zolipereka."

A Mizoguchi adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adamata kapepala pachitsekero cha botolo lolekana lija, nadindapo chidindo chawo chofiira.

"Lamulo likuti ndidinde chimene mwana wapereka. Ndadinda. Ubwere ndi dongo lakolo Lolemba, udzapangire pamaso panga. Koma werengera bwino. Tikamadzasankha Lachisanu la sabata yamawa, lidzakhala litangokwanitsa masiku anayi. Sindikukulonjeza kanthu. La sopolo usataye, ulilembe dzina lake lenileni, uliike pa shelefu."

Panja Wakana adamugwira pamkono. Maso ake adali ofiira.

"Ndiwe chitsiru, ukudziwa? Bwanji sunanene kuti ndine?"

"Iwe unathira. Kunyamula ndinanyamula ndekha."

Wakana adafwenthera. "Lamlungulo nthawi yanji? Usaganize kuti ndakonda matope. Ndikungofuna ndikaone dongo lamwanolo."

6. Dongo la m'thamanda lachitatu

Lamlungu itatha Misa, madzi a m'thamanda lachitatu adali atadikha moti pansi pankaoneka. Amalume adatsekula kachibowo kuti madzi atuluke pang'onopang'ono. Pansi padatsala dongo lofewa, loyera ngati ufa.

"Mutenge lapamwamba lokha, osapyola kunenepa kwa chikhadabo," adatero. "Lomaliza kudikha ndilo losalala kwambiri."

Atsikana adagwada m'mbali ndi masipuni. Wakana adaterereka, nalowetsa mwendo mpaka m'bondo.

"Amalume a Kotone, dongo lanuli landifunsira ukwati! Likukana kundisiya!"

"Ndiye ulibwezere mwaulemu, lili ndi ntchito kwina," adayankha amalume akumukoka.

Adayanika dongolo pathabwa pafupi ndi uvuni, kenaka adalitenthetsa kuti tizilombo tife. Amayi a Kotone adabwera ndi mpunga woumba ndi tiyi. Sadafunse za mpikisano. Adangotenga sokosi za Wakana n'kukazichapa, ngakhale madzi ozizira ankawalowa m'ming'alu. Wakana ataona adalanda beseni, nayamba kuzichapa yekha.

Lolemba m'mawa, maphunziro asanayambe, Kotone adayeza zinthu zake pamaso pa a Mizoguchi. Adatakasa, natakasa, mpaka zonse zidayera ndi kulimba ngati phala la mwana. Aphunzitsi adatengako kadontho, nakaika pansi pa makina okuzira tinthu tating'ono.

"Bwera uone."

Kotone adasuzumira. Adaona timipira ta mafuta tambirimbiri, kalikonse katavala chikhakha cha tinthu ta dongo. Tinkagundana koma osaphatikana.

"Tavala malaya," adatero chapansipansi.

"Ujambule chimene waonacho. Ukatero uonenso la sopo ndi lolekana lija, ujambulenso. Ndipo aliyense asadzole, ngakhale amayi ako, mpaka odziwa atayesa. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi."

Aphunzitsi adadinda botololo. Lachiwiri botolo lidali loyera. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi Wakana adayamba kulipatsa moni m'mawa uliwonse, kulitcha agogo.

7. Masiku asanu ndi awiri

Lachisanu aphunzitsi atatu adakhala kuseri kwa tebulo, pakati pali aphunzitsi aakulu, mayi Nagatomo. Ritsuko adafotokoza ntchito yake bwino lomwe, ndipo palibe adapeza poinenera.

Kotone adandandalika mabotolo ake atatu ndi zojambula zake. Adanena za mgolo wolakwika, za dontho la sopo, ndi za thamanda lachitatu.

Mayi Nagatomo adanong'onezana ndi anzawo, kenaka adati:

"Kotone, botolo limodzi likanatiuza kuti chinthuchi chimatheka. Atatuwa atiuza chifukwa chake chimatheka ndi chifukwa chake chimakanika. Ntchito yako yakula chifukwa cha kulakwa kumene sunabise. Koma lamulo ndi masiku asanu ndi awiri, ndipo lako lili ndi anayi. Sitingasinthe lamulo chifukwa mwana watikondweretsa. Lero wokwaniritsa lamulo ndi Ritsuko. Dzina timatumiza Lolemba masana, ndipo botolo lako likwanitsa masiku ake Lolemba m'mawa. Komabe kudikira kapena kusadikira si kwa ife. Malowa ali m'manja mwa Ritsuko."

Ritsuko adayang'ana ndere zake, nayang'ana mabotolo atatu aja. Ichi chidali chaka chake chomaliza pasukulupo.

"Ndidikira, aphunzitsi," adatero. "Likalekana, ndipita ine ndi mtima woyera. Likapanda kulekana, ndiye kuti linandiposa kale."

Kotone adawerama kwa Ritsuko, ndipo adachedwa kuweramuka.

Lolemba adafika kusukulu chipata chisanatsekulidwe. Adapeza Wakana ali pomwepo akunjenjemera ndi chisanu, ndi Ritsuko yemwe. A Mizoguchi adabwera ndi makiyi, osafulumira konse. Adatsitsa botolo pa shelefu, naonetsa onse kuti chidindo n'chosang'ambika, nalikweza kuwindo. Adalipendeketsa uku ndi uku. Lidali loyera kuyambira pansi mpaka kukamwa, lopanda ngakhale kamzere kachikasu.

"Agogo apirira!" adakuwa Wakana mpaka mlonda adasuzumira pakhomo.

Ritsuko ndiye adayamba kugwira Kotone chanza. "Ukatiimire bwino. Ukakachita manyazi kumeneko, ndidzakudyetsa ndere zanga zonse."

Kotone adaseka misozi ili m'maso. Milomo yake idagwedezeka pang'ono ndi mawu oyamika Mulungu amene sadamveke kwa munthu.

A Mizoguchi adalemba dzina lake, nampatsa pepala la mpikisano loti akadzaze kunyumba. Adaika chala pafunso lachisanu.

"Ili uliwerenge bwino. Akufuna ulembe mwatsatanetsatane kumene mwalawo umakumbidwa ndi m'mene dongo limatsukidwira, kuti wina aliyense athe kubwereza ntchito yako. Popanda zimenezo salandira."

Kotone adawerenga kawiri. Malo okumba mwalawo ndi miyezo ya katsukidwe kake sizidalembedwepo papepala chiyambire. Agogo ake aamuna adauza amalume okha, pakamwa, atawalumbiritsa kuti zisatuluke m'banja.

Madzulo a tsikulo adatsikanso basi pamtunda paja. Amalume adali pathamanda loyamba, akutakasa ndi mtengo wautali. Atamva nkhani yabwinoyo adavula chipewa, nayang'ana kumwamba kanthawi. Kenaka adaona pepala limene Kotone adaligwira ndi manja awiri.

"Nanga bwanji nkhope siikugwirizana ndi uthenga?" adafunsa. "Pepala limenelo likufuna chiyani?"

"Likufuna inu, amalume," adayankha Kotone.

A Tokuji adatsamiritsa mtengo uja kukhoma, napukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Bwera nalo kuno," adatero. "Undiwerengere, ndipo usadumphe liwu."